Anatula mpando, koma Ona anamukakamira

Chakumapeto kwa Meyi 1796, nyuzipepala ya Philadelphia Gazette inatulutsa kachilengezo kakang'ono, ka mtundu umene owerenga a nthawi imeneyo anali atazolowera kuona pakati pa malonda a shuga ndi nkhani za zombo zofika padoko. Kankanena kuti mtsikana wina wathawa kunyumba ya Pulezidenti wa United States. Maonekedwe ake anawafotokoza ngati mmene munthu amafotokozera mbuzi yosochera: woyererako, wa timadontho kumaso, maso akuda bii, tsitsi lambiri, wochepa thupi, wa zaka ngati 20, ndipo ali ndi zovala zabwino zambiri zosinthira. Womugwira n'kumubweza alandira madola 10. Wolembayo, Frederick Kitt, kapitawo wa panyumbapo, anawonjezera kuti palibe amene anamuputa mtsikanayo kuti mpaka athawe. Pachilengezopo anamulemba kuti Oney Judge, dzina limene mabwana ake ankamuitanira. Mwini wake ankati ndi Ona.

Mu Seputembala chaka chomwecho Pulezidenti uja, George Washington, anachita chinthu chimene amatamandidwa nacho mpaka lero. Anasindikiza kalata yotsanzika, kuuza dziko kuti sadzaimanso pachisankho kachitatu. Kalatayo inatuluka pa 19. Koma pa 1 mwezi womwewo anali atalemba kalata ina, yachinsinsi, yopita kwa nduna yake ya zachuma, yopempha kuti amugwirire mtsikana uja n'kumukweza chombo chobwerera ku Virginia. Munthu amene anatha kutula dziko lonse pansi analephera kuchotsa dzanja pa mtsikana mmodzi wosoka zovala. Ine mbiri ya Washington ndimayambira kuiwerenga pamenepo.

Tiyambe tamupatsa zake, chifukwa zilipo ndithu. Anabadwa pa 22 Febuluwale 1732 ku Virginia, limodzi mwa madera amene Angerezi ankalamulira m'mphepete mwa nyanja ya Atlantic. Bambo ake anamwalira iye ali ndi zaka 11, ndipo pa chuma cha masiye chimene anamusiyira panali munda ndi akapolo 10. Sukulu sanapite nayo patali, ku koleji sanapondeko. Ali mnyamata ankagwira ntchito yoyeza malo m'nkhalango, kenako analowa usilikali n'kumenya nawo nkhondo ya Angerezi ndi Afalansa m'zaka za m'ma 1750. Nkhani ija yoti ali mwana anatema mtengo wa bambo ake n'kuvomera yekha chifukwa sankatha kunama, iiwaleni. Anaipeka ndi m'busa wina, Mason Locke Weems, m'buku limene analemba Washington atamwalira kale.

Chimene chinamukweza kwenikweni ndi banja. Mu Januwale 1759 anakwatira Martha Custis, mayi wamasiye wa ana awiri, mmodzi mwa akazi olemera kwambiri mu Virginia monse. Apa pali kamfundo ka lamulo kofunika kukagwiritsitsa, chifukwa moyo wonse wa Ona unapachikika pamenepa. Mwamuna woyamba wa Martha, Daniel Parke Custis, anafa osasiya wilo. Lamulo linkati mkazi wamasiye adyerere gawo limodzi mwa magawo atatu a chumacho moyo wake wonse, koma gawolo si lake. Akadzamwalira libwerere kwa ana ndi zidzukulu za malemuyo. M'gawo la Martha munali anthu oposa 80. Washington ankawagwiritsa ntchito pa esiteti yake ya Mount Vernon ngati ake omwe, koma analibe mphamvu yowamasula, ndipo wina akatayika chifukwa cha iye, ankayenera kulipira ku chuma cha a Custis. Ana obadwa kwa akazi a m'gululi nawonso ankawerengedwa m'chuma chomwecho.

Nkhondo yofuna ufulu itayamba mu 1775, Congress, msonkhano wa nthumwi za maderawo, inamusankha kukhala mkulu wa asilikali. Anagonja m'malo ambiri, koma gulu lake silinabalalike, ndipo mu Okutobala 1781, mothandizidwa ndi Afalansa, anagonjetsa Cornwallis ku Yorktown. Ukulu wake weniweni unaoneka nkhondo ikutha. Mu Malichi 1783 ku Newburgh, akuluakulu a asilikali, atatopa ndi kudikira malipiro awo, anayamba kunong'onezana zoopseza Congress ndi mfuti. Washington analowa pamsonkhano wawo n'kuwalankhula, koma nkhope zinali gwa. Kenako, pofuna kuwawerengera kalata ina, anatulutsa magalasi, amene ambiri anali asanamuonepo atavala, n'kupepesa kuti potumikira dziko wachita imvi ndipo maso akutha. Amuna a mfuti aja misozi inalengeza, chiwembu chinathera pomwepo. Pa 23 Disembala chaka chomwecho anapita ku Annapolis, kumene Congress inkakumana, n'kubweza udindo wake, nabwerera kumunda. Anali ndi asilikali, anali ndi dzina, anthu ankamukonda. Akanafuna ufumu, ndi ochepa akanamuletsa.

Ife kuno sitifunika kuuzidwa kuti kutula mpando n'kovuta bwanji. Tinakhalapo ndi pulezidenti wamuyaya kuyambira 1971, ndipo mu 2002 bilu yochotsa malire a materemu inangoperewera mavoti atatu okha mu Nyumba ya Malamulo. Mwambo wa materemu awiri umene tinkautetezawo mizu yake ili pa Washington. Ku America komweko unangokhala mwambo basi mpaka 1951, pamene anaulemba m'malamulo oyendetsera dziko Franklin Roosevelt atapambana zisankho kanayi. Ndiye pa ichi chokha, bamboyu ulemu ndimamupatsa.

Tsopano Ona.

Anabadwira ku Mount Vernon cha m'ma 1773 kapena 1774. Mayi ake, Betty, anali osoka zovala, mmodzi mwa akapolo a chuma cha a Custis. Bambo ake, Andrew Judge, anali mzungu, telala wochokera ku England amene anabwera pa pangano logwira ntchito zaka zingapo pobweza ndalama ya ulendo. Zaka zake zitakwana anachoka, mfulu, mwana n'kutsala. Kuyambira 1662 lamulo la Virginia linkati mwana atsate mayi wake: mayi akakhala kapolo, mwana ndi kapolo. Kwa ife amene tinakulira m'mbumba, mawu akuti mwana ndi wa kuchikazi amamveka a kwathu, amatanthauza kuti mwana ali ndi mudzi, ali ndi malume omuyang'anira. Ku Virginia mfundo yomweyo anaitembenuza kukhala njira yoti mzungu abereke mwana n'kumulemba m'kaundula wa katundu.

Ali ndi zaka ngati 10 anamutengera kunyumba yaikulu, ndipo m'kupita kwa nthawi anakhala wantchito wa Martha mwiniwake: kumuveka, kumupesa, kumusokera, kumuperekeza kocheza. Washington atalumbira kukhala pulezidenti woyamba pa 30 Epulo 1789, Ona anali m'gulu la akapolo ochepa amene anatengedwa kupita ku New York, kusiya mayi ake ku Virginia. Chakumapeto kwa 1790 likulu linasamukira ku Philadelphia, m'dera la Pennsylvania, ndipo apa ndi pamene panabuka vuto.

Pennsylvania inali itakhazikitsa lamulo mu 1780 lothetsa ukapolo pang'onopang'ono. Mwa zina, lamulolo linkati mlendo akabwera ndi kapolo wake n'kukhala naye m'deralo miyezi isanu ndi umodzi yathunthu, kapoloyo akhoza kudzitengera ufulu. Loya wamkulu wa boma, Edmund Randolph, zinamuonekera: akapolo ake anawerenga miyezi, itakwana anamuuza kuti tsalani bwino. Iye ndiye anachenjeza banja la Pulezidenti. Mu Epulo 1791 Washington analembera mlembi wake, Tobias Lear, kumuuza chochita. Akapolo aja azitulutsidwa m'Pennsylvania miyezi isanakwane, kuti kuwerenga kuziyambiranso pa ziro. Ndipo analemba mosabisa kuti zichitike mwa njira yonamiza akapolowo komanso anthu akunja, ndi kuti adziwe zimenezi akhale Lear ndi Martha okha. Ena anauzidwa kuti pitani mukaone abale ku Mount Vernon. Ona anatengedwa ndi Martha pa kaulendo kowoloka mtsinje wa Delaware kupita ku Trenton, m'dera la New Jersey. Kwa zaka zotsatira zinkangoyenda choncho, miyezi ikamayandikira, ulendo. Munthu uja ana a sukulu amauzidwa kuti sankatha kunama ndi yemweyu, eti. Ndipo Pennsylvania inali italetsa kale kachinyengo kameneka mu 1788, koma ndani akanakasumira Washington?

Pa 12 Febuluwale 1793, m'mzinda womwewo, anasainira lamulo lopatsa eni akapolo mphamvu yolondola othawa mpaka m'madera amene ukapolo unkatha.

Kunena zoona, poyerekeza ndi anzake olima fodya ndi tirigu ku Mount Vernon, Ona ankaoneka ngati wamwayi. Ankavala bwino, ankadya za kukhitchini ya Pulezidenti, ndipo mabuku a ndalama a panyumbapo akuonetsa kuti nthawi zina ankapatsidwa kangachepe kokaonera zisudzo. Chikomekome cha mkuyu. M'misewu ya Philadelphia ankakumana ndi anthu akuda ambirimbiri amene anali mfulu, olandira malipiro awoawo, okhala ndi mabanja amene palibe akanawagawa. Richard Allen ndi Absalom Jones, onse obadwira mu ukapolo, anali atayambitsa bungwe lothandizana la Free African Society mu 1787, ndipo pofika 1794 aliyense anali ndi tchalitchi chake. Mtsikana wamaso ake akanalephera bwanji kuona kusiyana?

Chimene chinadula chingwe ndi ukwati wa munthu wina. Mu Malichi 1796 mdzukulu wa Martha, Eliza Custis, anakwatiwa ndi Mngelezi wolemera, Thomas Law. Ona anamva kuti iye adzaperekedwa kwa Eliza, monga mmene gogo amaperekera mbale kapena nsalu kwa mdzukulu wolowa m'banja. Eliza ankamudziwa bwino, ndi mtima wake wapachala, ndipo anatsimikiza kuti kapolo wa ameneyo sadzakhala. Ankadziwanso kuti teremu ya Pulezidenti ikutha, ndipo akangobwerera ku Virginia khomo latsekeka. Pamene banjalo linkalongedza katundu wa ulendo wa ku Mount Vernon, iye ankalongedza wake. Anzake akuda a mumzindamo anamusungira zovala zake. Loweruka pa 21 Meyi, a Washington ali pa tebulo kudya, anatuluka pakhomo n'kumapita.

Anakwera chombo chotchedwa Nancy, cha John Bowles, mpaka ku Portsmouth m'dera la New Hampshire, kumpoto kwenikweni. Dzina la mwini chomboyo analisunga mumtima zaka zambirimbiri, anadzalitchula munthuyo atamwalira, kuopa kumuika m'mavuto. Ku Portsmouth anayamba maganyu a m'nyumba za anthu, kuchapa, kukolopa, kutunga madzi, ntchito zolemetsa kuposa zimene ankagwira kwa Martha.

Sipanapite nthawi. Tsiku lina mumsewu anakumana maso ndi maso ndi Elizabeth Langdon, mwana wa senata John Langdon, amene ankabwera kudzacheza kunyumba ya Pulezidenti ndipo ankamudziwa. Nkhani inafika ku Philadelphia. Ndiye kalata ija ya pa 1 Seputembala. Washington analembera Oliver Wolcott, nduna ya zachuma, kuti alamule mkulu wa kasitomu padoko la Portsmouth, Joseph Whipple, agwire mtsikanayo mwakachetechete n'kumuika m'chombo. Taonani bwino apa. Uku kunali kugwiritsa ntchito ofesi ya boma pa nkhani ya m'nyumba mwake. Komanso lamulo la 1793, losainidwa ndi iye mwini, linkafuna kuti wogwidwayo ayambe waonekera pamaso pa woweruza, mwini kapolo apereke umboni. Washington bwalo sankalifuna, chifukwa bwalo ndi phokoso, ndipo phokoso likanadetsa dzina.

M'makalatamo muli chinthu chimene chimandichititsa chidwi kuposa nkhanza zenizenizo: a Washington anadabwa. Anadabwa kuchokera pansi pa mtima. Pulezidenti anadandaula kuti mtsikanayo analeredwa ngati mwana osati wantchito, ndipo anamutcha wosayamika. Iye ndi mkazi wake anakhulupirira kuti pali Mfalansa wina amene anamunyengerera n'kuthawa naye. Munthu amene anatsogolera nkhondo ya zaka 8 pa nkhani ya ufulu sizinamulowe m'mutu kuti mtsikana wa m'nyumba mwake angaufune ufuluwo payekha, popanda mwamuna womunong'oneza.

Whipple anatchera msampha. Anafalitsa kuti akufuna wantchito wa m'nyumba, Ona n'kubwera kudzafunsira. Pocheza naye, mafunso anachuluka mpaka mtsikanayo anazindikira. Koma kuchezako kunamutembenuza Whipple yemwe. Mu Okutobala analemba kuti za Mfalansa palibe, chimene chinamuthawitsa ndi ludzu la ufulu basi. Anafotokozanso kuti Ona wanena kuti a Washington amawalemekeza, ndipo akhoza kubwerera n'kuwatumikira mpaka imfa yawo, pokhapokha atamulonjeza kuti akadzamwalira iye adzakhala mfulu, osagulitsidwa kapena kupatsidwa kwa wina. Kaya ankanenadi zoona kaya ankangofuna mpata wotulukira m'nyumba ya Whipple, pa tsiku lonyamuka chombo sanaoneke.

Yankho la Washington, la pa 28 Novembala, ndi lozizira ngati mwala wa m'madzi. Anati kukambirana naye mtsikanayo n'kosatheka. Anati ngakhale iye mwini angakonde kuti ukapolo uthe pang'onopang'ono, si nzeru ndipo si chilungamo kupereka ufulu ngati mphotho ya kusakhulupirika, chifukwa anzake okhulupirika otsala kumudzi angaipidwe. Anauza Whipple kuti ayesebe, koma asagwiritse ntchito mphamvu ngati zingadzutse chipolowe mumzinda. Whipple anayankha mwaulemu wa munthu wa boma amene sakufuna kuchita chimene watumidwa, n'kuwonjezapo kuti mankhwala enieni a vuto la akapolo othawa ndi kuuthetsa ukapolowo. Mkulu wa kasitomu kulangiza Pulezidenti. Mu Januwale 1797 Ona anakwatiwa ndi Jack Staines, munthu wakuda, mfulu, wogwira ntchito m'zombo. Mwezi wotsatira, pa 22 Febuluwale, tsiku limene Washington ankakwanitsa zaka 65, Hercules, khukhi wake wotchuka, naye anathawa ku Mount Vernon, osadzabweranso.

Pali chodzitetezera chimene anthu amakonda pa nkhani ngati izi: anali munthu wa nthawi yake, tisamuweruze ndi maso a lero. Mfundoyi ili ndi mbali yoona. Washington anasinthadi. Mnyamata amene mu 1766 anatumiza kapolo wina, Tom, ku zilumba za West Indies kuti akamusinthanitse ndi mowa ndi zinthu zina, si yemweyo amene mu 1786 ankalembera anzake kuti akulakalaka ukapolo utathetsedwa ndi lamulo. Anaona asilikali akuda akumenya nkhondo m'gulu lake. Mnzake wachinyamata wa ku France, Lafayette, ankamukakamiza kuti ayambe kumasula anthu. Anafika poipidwa ndi kugulitsa anthu ngati ng'ombe pamsika. Zonsezi n'zoona. Koma zonsezi ankazinena m'makalata a kwa anzake. Pagulu, pamene mawu ake akanalemera kuposa a munthu wina aliyense mu America, anakhala chete, poopa kuti madera a kummwera angachoke mu mgwirizano umene unali udakali wanthete.

Nanga nthawi yakeyo inali ya iye yekha? Whipple anali wa nthawi yomweyo. Benjamin Franklin, amene nayenso anakhalapo ndi akapolo, anasainira pempho lopita ku Congress mu 1790 loti ukapolo uthe. John Adams, wachiwiri kwa Washington, sanakhalepo ndi kapolo. Ku Virginia komweko lamulo la 1782 linkalola munthu kumasula akapolo ake, ndipo mu 1791 mwini minda wina wolemera, Robert Carter III, anayamba kumasula anthu ake oposa 450 iye ali moyo, achibale ndi anansi akumunyoza. Ndipo Ona naye anali wa nthawi yomweyo. Sanadikire kuti ife a m'zaka za m'ma 2000 tidzamuuze kuti ukapolo ndi woipa. Amene amati tisaweruze ndi maso a lero amaiwala kuti chiweruzo chinaperekedwa kale mu 1796, ndi munthu amene ankadziwa nyumba imeneyo mpaka kuchipinda.

Tamvani tsopano za 1799. Pa 9 Julayi Washington, atapuma kale pa mpando, anasainira wilo yake, yolemba ndi dzanja lake. Ku Mount Vernon kunali akapolo 317. Mwa amenewa 123 anali akeake, 153 a chuma cha a Custis, otsalawo obwereka kwa mwini wina. M'wiloyo analamula kuti 123 aja adzamasulidwe Martha akadzamwalira, okalamba ndi odwala azidzasamalidwa ndi chuma chake, ana amasiye adzaphunzitsidwe kuwerenga, kulemba ndi ntchito ya manja, ndipo wina asadzagulitsidwe kunja kwa Virginia. William Lee, amene anamutumikira pa nkhondo yonse, anamumasula nthawi yomweyo ndi penshoni ya madola 30 pachaka. Mwa mapulezidenti oyambirira a ku Virginia ndi yekhayu anachita zotere. Thomas Jefferson, mlembi wa chikalata cha ufulu cha 1776, anangomasula ochepa, ndipo atamwalira anthu pafupifupi 130 a ku Monticello anagulitsidwa pobweza ngongole zake. James Madison sanamasule aliyense m'wilo yake.

Patangotha mwezi umodzi chisainire wilo imeneyo, pa 11 Ogasiti, Washington yemweyo analembera Burwell Bassett, mwana wa mchemwali wake wa Martha, amene ankapita ku New Hampshire, kuti akayesenso kumutenga Ona. Inki ya wilo isanaume bwinobwino.

Bassett anamupeza ali yekha ndi khanda lake, Eliza, mwamuna ali panyanja. Anamunyengerera kuti akabwerera sakalangidwa, ndipo akamasulidwa. Ona anamuyankha kuti ufuluwo ali nawo kale ndipo sakufuna kuusiya. Bassett anafikira kwa senata Langdon, ndipo pa chakudya anaulula kuti ngati zokambirana zakanika amutenga mokakamiza, ndi mwana yemwe, popeza pa lamulo khandalo nalonso linali katundu wa a Custis. Uthenga unatuluka m'nyumba ya Langdon usiku womwewo kukamuchenjeza. Ona anabereka mwana, anapeza ngolo, n'kuthawira ku Greenland, kamudzi ka makilomita ochepa kuchokera ku Portsmouth, kwa banja lina la anthu akuda la a Jack. Bassett anabwerera chimanjamanja. Pa 14 Disembala chaka chomwecho Washington anamwalira ndi matenda a pakhosi, madokotala atamukhetsa magazi ambirimbiri poyesa kumuchiza. Kuchokera pamenepo palibenso amene anabwera kudzamufuna Ona.

Ena amati, koma Ona sanali wa Washington, anali wa a Custis, ndiye akanamumasula bwanji? N'zoona kuti sakanatha kungolemba chikalata. Koma kumusiya akanatha. Akanalipira mtengo wake ku chuma cha a Custis, ndalama imene kwa mwini malo wamkulu ngati iye sinali yogonetsa ndi njala, n'kutseka nkhani. Anasankha kumulondola zaka zitatu.

Wilo ija nayo inabala zake. Pouza anthu 123 kuti ufulu wawo ukudikira imfa ya mayi mmodzi wokalamba, Washington anasiya mkazi wake pamoto. Abigail Adams, mkazi wa pulezidenti wachiwiri, atakacheza ku Mount Vernon mu Disembala 1800, analembera mchemwali wake kuti Martha sakumva kuti moyo wake ndi wotetezeka pakati pawo. Martha sanadikire imfa, anawamasula pa 1 Januwale 1801. Koma pa zaka 40 akapolo a Washington ndi a Custis anali atakwatirana, atabereka ana. Mwamuna anamasuka, mkazi ndi ana n'kutsala. Martha atamwalira mu Meyi 1802, a chuma cha a Custis aja anagawidwa kwa zidzukulu zake zinayi. Iye mwini anali ndi kapolo mmodzi yekha amene anali wakewake, Elish, amene akanatha kumumasula. Anamulemba m'wilo kuti apite kwa mdzukulu.

Ndipo malo amene Ona anawathawa sanakhale opanda munthu. Amene anapita kwa Eliza Custis ndi mng'ono wake, Philadelphia, amene ankamutchula kuti Delphy. Ufulu wa mkulu unagwera mng'ono pamutu. Mwamwayi Delphy anadzamasulidwa mu 1807, pamodzi ndi ana ake, ndipo anakhala mumzinda wa Washington ndi mwamuna wake, William Costin.

Moyo wa Ona ku New Hampshire sunali wa uchi. Anabereka ana atatu, Eliza, Will ndi Nancy. Jack Staines anamwalira mu 1803, banja lisanathe zaka 7. Umphawi unamubweza ku Greenland, kukakhala ndi banja la a Jack lija m'kanyumba kakang'ono, kudalira maganyu ndi thandizo la boma la m'deralo. Ana ake aakazi onse awiri anamwalira m'zaka za m'ma 1830, iye akadali moyo. Koma anaphunzira kuwerenga, chinthu chimene m'nyumba ya Pulezidenti palibe anaganiza zomuphunzitsa, ndipo analowa Chikhristu.

Tikudziwa mbali yake ya nkhaniyi chifukwa cha anthu awiri olimbana ndi ukapolo amene anakacheza nawo gogowa ali ndi zaka za m'ma 70. Zokambirana zawo zinatuluka mu nyuzipepala ya Granite Freeman mu 1845 ndi ya The Liberator mu 1847. Wolemba mbiri Erica Armstrong Dunbar anasonkhanitsa zonsezi m'buku lake la 2017 lotchedwa Never Caught, kwa amene akufuna kuzama. Gogo Staines sanawanyengerere mabwana awo akale. Ananena kuti sanamvepo Washington akupemphera, kuti Martha ankawerenga mapemphero a m'buku koma iwo sakutcha zimenezo kupemphera, ndi kuti pa maphwando a m'nyumba imeneyo zinkachuluka ndi vinyo ndi njuga ya makadi, Lamulungu lomwe. Atafunsidwa ngati sakunong'oneza bondo, popeza anavutika kwambiri atathawa kuposa kale, anakana. Anati ndi mfulu, ndipo akukhulupirira kuti kudzera m'kuthawako anakhala mwana wa Mulungu.

Anamwalira pa 25 Febuluwale 1848 ku Greenland, patatha zaka pafupifupi 52 chitulukire pakhomo paja. Palibe chikalata chimene chinawamasulapo. Pa lamulo la United States anafa ali katundu wothawa wa zidzukulu za a Custis, ndipo aliyense wa iwo akanatha kutumiza munthu kudzawatenga mpaka tsiku lomaliza.